Wakuba Shuga wa Mai Mbande

Mai Mbande anali akupukuta mabotolo a uchi pa tebulo lawo la pageti pomwe anaona mtsikana wina akubwera, ndipo mtima unangoti uyu si wogula uyu. Wogula amayamba wafinya tomato, kenako nkudandaula mtengo. Koma uyu anapereka moni bwinobwino, nkuvala magolovesi, nkunyonyomala, nkuyamba kusuzumira kunsi kwa masamba a mbande ngati wagwetsamo ndolo.

Dzina loti Mai Mbande anawapatsa ndi anthu a mumsewu umenewo, chifukwa kuseri kwa nyumba yawo kunali timachubu takuda ta mbande tambirimbiri, tomato, kabichi, tsabola, anyezi, zonse zili ndandanda ngati ana a sukulu pa asembule. Koma chimene ankanyadira kwambiri si mbande ayi. Unali uchi. Anali ndi ming'oma yawo kumapeto kwa puloti, kutsidya kwa kangalande, ndipo munthu aliyense wodutsa pageti ankamuimbira nyimbo imodzimodzi: "Uchi weniweni uwu, wosathira kanthu, osati zophika m'mapoto zija!"

"Mukufuna zingati mbandezo?" anafunsa Mai Mbande, maso ali pa magolovesi aja.

"Ayi amayi, sindikugula. Ndachokera ku ofesi yoona zakudya ndi mbewu zogulitsa."

Eee. Kansalu kopukutira mabotolo kanagwa.

Mtsikanayo anali waulemu zedi, mwina nchifukwa chake anawakayikitsa kwambiri. Anafotokoza pang'onopang'ono. Zamasamba ndi tomato palibe vuto, bola zisamakhale pansi ndipo azizitsuka ndi madzi a pampopi. Mbande zimafuna chilolezo, a ku ofesi ayenera kuziona kaye kuti zilibe matenda, poti mbande imodzi yodwala ikakafika m'munda mwa munthu imakadwalitsa munda wonse. "Koma uchi nde nkhani ina amayi. Botolo likhale latsopano, osati la mayonezi ngati ili. Lilembedwe dzina lanu ndi tsiku limene munafula. Ndipo tikauyeze kaye, tione ngati ndi uchi wokhawokha."

"Wanga?" Mai Mbande anaseka mpaka anagwira tebulo. "Uchi wangawu? Tengani, kayezeni, mukafuna mukaunyambitenso kumeneko."

Anapereka botolo limodzi ndi manja awiri. Koma mtsikanayo atangotembenuka, kuseka konse kunathera pomwepo. Funso linali limodzi basi: wamutuma ndani? Msewu wonsewu uli ndi matebulo, bwanji wayambira pano? Anaponya diso kuseri kwa mpanda. Alamu awo, mlongo wa amuna awo amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, anali akusesa pabwalo. Bwalo losesa kale abale! Tsache likungoyenda pamalo amodzi, khutu lili kuno.

"Mwadzuka bwanji alamu?" anakuwa alamuwo, mawu otsekemera kuposa uchi.

"Tadzuka. Kaya inu amene mukusesa mpaka dothi lithe?"

"Ndinaona muli ndi alendo."

"Eya, alendo ena amabwera okha, ena amachita kutumizidwa."

Tsache linaima kaye, kenako linapitiriza.

Nkhani yake inali yoti mwini shopu ya pakona anali atawalonjeza Mai Mbande kuti akangopeza chilolezo, uchi wawo uzikhala pa shelefu m'shopumo, pafupi ndi jamu, wolembedwa dzina lawo. Iwo anali atauza kale msewu wonse. Nde chilolezo chimenecho ankachifuna ngati mpweya, ndipo aliyense wowayang'ana kawiri anali mdani.

Tsono pa nthawi yomweyo m'nyumba munali kankhani kena. Shuga ankatha. Osati kutha kwa tiyi ayi, kutha kwa mwadala. Agule paketi lero, akhuthulire m'chitini, mawa chitini chikulira ngati ng'oma. Ana onse anali kusukulu yogonera konko, m'nyumbamo munali anthu awiri okha, iwo ndi amuna awo. Ndipo amuna awowo, anthu ankangowatchula kuti aPhee, chifukwa bamboyo kuyankhula kunali ngati amalipira msonkho pa liwu lililonse. Ukawafunsa kanthu ankati "mm". Akakondwa ankati "mm". Tsiku la ukwati wawo akuti abusa anachita kuwafunsa kachiwiri kkkk.

"Bambo, shuga akupita kuti muno?"

"Mm?"

"Ndati shuga."

"Kaya. Nyerere."

"Nyerere zotsegula chitini nkutsekanso?"

APhee anangoyang'ana mu kapu yawo ngati muli nkhani zapawailesi.

Mai Mbande anatchera msampha. Madzulo anasalaza shuga uja ndi supuni bwinobwino, nkujambulapo kamtanda pamwamba, nkutseka. M'mawa kukatsegula, kamtanda kalipo. Koma kali pansi kwambiri, ndipo kopindika! Wakubayo anatapa shuga nkujambulanso kamtanda kake. Mai Mbande anakhala pa mpando osafuna. Uyu si wakuba wamba, uyu ndi wakuba wa m'nyumba.

Anayamba kuwayang'anitsitsa aPhee. Nde ukamuyang'anitsitsa munthu, chilichonse chimaoneka. Bamboyo anayamba kudzuka kusanache kwenikweni, amvekere ndikukawongola miyendo. Munthu amene zaka zonsezi miyendo yake inali yowongoka kale! Pobwera ankamveka kafungo ka utsi. Tsiku lina anabwera mlomo wam'munsi utatupa ngati soseji.

"Mlomowo?"

"Chitseko."

"Chitseko chakupsopsonani?"

"Mm."

Za njuchi sanaganizeko nkomwe, ndipo musawaseke. APhee ankaopa njuchi kuposa china chilichonse padziko. Ntchentche yaikulu ikangolira pafupi ndi khutu, bambo wamkulu ankataya mbale nkuthawira kubafa. Kangalande kaja sanakadumphepo chiyikireni ming'oma. Mai Mbande ankawanena kuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, koma iwo ankangoti mm, ali kuseri kwa chitseko. Nde mlomo wotupa, utsi, shuga, kudzuka m'mawa, mutu wa Mai Mbande unawonkhetsa zonse nkupeza yankho limodzi: pali mkazi. Mkazi wophika pa nkhuni. Wokonda tiyi wotsekemera. Woluma.

Mtsikana wa ku ofesi uja anabweranso patapita masiku, ulemu wake uli womwe uja.

"Amayi, mbande zanu zili bwino kwambiri, chilolezo chake mupatsidwa. Zamasamba pitirizani." Kenako anatsitsa mawu. "Koma uchi walephera. Muli shuga wa m'shopu."

"Mwati chani?"

"Muli shuga amayi. Simungaugulitse ngati uchi. Mabotolowa achoke patebulo lero. Akapezekanso pano, titseka tebulo lonse, ndi mbande zomwe."

Mai Mbande anamva ngati msewu wonse wasiya kupuma kuti umvetsere. Iwo! Amene ankanyoza ophika m'mapoto! Analumbira, anatchula makolo awo, anati makina anuwo ndi odwala. Mtsikanayo anadikira mpaka amalize.

"Sindikuti ndinu amayi. Shuga amalowa mu uchi m'njira zingapo. Mwina mwini wake wathira, mwina wina wamuthirira, mwinanso njuchi zimene zadya shugayo kwinakwake. Mukadzafulanso mudzabweretse, tidzayezanso."

Koma Mai Mbande anangomva pakati pokha: wina wamuthirira. Zinazo zinadutsa ngati mphepo. Anachotsa mabotolo aja, nkumangirira nsalu m'chiuno, nkulunjika kumpanda.

"Alamu! Tatulukani!"

Alamu anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. "Kwagwanji?"

"Kwagwa inu. Kiyi wa nyumba yanga munali naye pamene ndinapita kukaona ana, eti? Mwandibera shuga, mwandithirira mu uchi, kenako mwandiitanira a boma. Mwakhuta tsopano?"

"Ine?" Alamu anawomba m'manja thovu nkuwaza. "Ine kukuberani shuga inu? Mulibe manyazi alamu! Shuga wanga amene mukumwa mwezi wonse uno bwanji simukumutchula?"

"Shuga wanu uti?"

"Amene amadzatenga achimwene! Kawirikawiri ali pakhomo panga ndi kapu, amvekere mayi akuti shuga watha. Ine nkumati kodi uchi wonsewu sukugula ndi paketi yomwe? Ndimangokhala chete chifukwa cha ulemu."

Thovu likudontha pansi.

"Ine sindinawatumepo," anatero Mai Mbande motsitsa mawu.

"Aaa."

"Ndipo wa m'nyumba mwanga akuthanso."

"Aaa aaa!" Alamu anayandikira kumpanda, maso ali gwa, mkangano wonse waiwalika. "Nde akupita naye kuti?"

Mai Mbande anawauza zonse, za utsi, za mlomo, za kuwongola miyendo. Alamu anagwira pakamwa. "Achimwene anga ofatsa aja? Koma amuna! Ndinkadziwa ine, anthu a phee ndi oopsa. Nanga mkaziyo si amenenso wakuonongerani uchi kuti muchoke pabanja?"

Abale, mfundo imeneyi inalowa bwino ngati kiyi pa loko. Anthu awiri amene kwa zaka sanabwerekanepo ngakhale machesi mosang'ung'udza anagwirizana pompo kuti mawa m'mawa amutsata. Paja mutu umodzi susenza denga.

Kutangoyamba kuyera, Mai Mbande ananamizira kugona, mpaka kuliza nkonono pang'ono kuti zikome. Anamva aPhee akudzuka mwakachetechete. Anamva chitini chikutseguka kukhitchini. Anamva supuni ikujambula kamtanda, mxii. Chitseko chakumbuyo chitangotsekeka, anavumbuluka. Alamu anali kale pampanda, atavala juzi mozondoka, mthiko uli m'manja.

"Mthikowo ngwachani?"

"Sitikudziwa kukula kwake mkaziyo."

Anayamba kutsata. Koma aPhee sanalowere kugeti. Anadutsa pa shedi ya mbande, chigubu m'manja, kathumba pamapewa, nkumapita kumapeto kwa puloti.

"Akumana kuseri," ananong'ona alamu. "Pa puloti panu pomwe! Chipongwe chake!"

Anabisala kuseri kwa thanki ya madzi. APhee anaima pa kangalande kaja, nkutsegula kathumba. Anatulutsa neti ya udzudzu yakale nkudzifunditsa kumutu pamwamba pa chipewa. Anavala magolovesi apinki otsukira mbale, amene Mai Mbande anawafunafuna mpaka kukalipira mphaka. Anapisa buluku m'masokosi. Anayatsa kachiguduli m'chitini kuti kafuke utsi. Kenako anapuma kwambiri, anadzigwira pamtima, nkudumpha kangalande.

"Akupita ku njuchi," anatero Mai Mbande.

"Mkaziyo amakhala ku njuchi?"

"Alamu tangokhalani chete."

Patsogolo pa mng'oma uliwonse panali kachivindikiro ka ndowa, kobisika bwino ndi udzu. APhee anathira madzi a m'chigubu muja m'zivindikiromo. Kenako anatola timitengo nkumatiyika m'madzimo kamodzikamodzi, kuti njuchi zipeze potera zisamire. Ndipo, abale inu, anali akuyankhula. APhee! Mawu enieni, ataliatali!

"Bwerani anyamata, bwerani, tiyi wapsa. Iwe usakankhe anzako, alipo wambiri. Lero musandilume pamlomo, mwamva? Kunyumba akundifunsa mafunso. Idyani mukhute, musathawe ngati anzanu aja. Mukathawa amayi anu aliranso, ndipo ine sindidziwa chonena akamalira."

Mthiko wa alamu unagwa pa thanki, kuti ngwee!

APhee anatembenuka ndi neti yawo ngati mkwatibwi wodabwa. Anaona akazi awo. Anaona mlongo wawo. Anayang'ana chigubu.

"Mm," anatero.

"Palibe za mm lero!" anakuwa Mai Mbande, akubwera. "Mwayankhula ndi njuchi ndime yonse, muyankhulanso ndi ine. M'chigubumo muli chani?"

"Madzi."

"Ndi chani?"

"Ndi shuga."

Alamu anakhala pa udzu nkuyamba kuseka, kuseka kosatulutsa mawu kuja, misozi ili mbwee. "Mkazi uja ndi ameneyu alamu! Ali ndi mapiko! Alipo zikwi!"

Koma Mai Mbande sanaseke. "Bambo, mukudziwa chimene mwachita? Uchi wanga walephera ku ofesi. Akuti muli shuga. Ine ndatukwana mlongo wanuyu, ndatukwana makina a boma, msewu wonse ukuti ndine wophika m'mapoto. Kani ndinu!"

APhee anavula neti pang'onopang'ono. Nkhope inali itagwa. "Amalowa mu uchi?"

"Nanga mumati amapita kuti? Kubanki?"

"Ndimati zimangodya." Anakanda m'mutu ndi golovesi yapinki ija. Kenako, mwina poti pakamwa panali patatseguka kale, mawu anapitiriza kutuluka. "Munadula mpanda wa maluwa uja kuti mumange shedi ya mbande. Ndi mitengo iwiri ija. Kenako dzuwa linafika. Ndinkaziona pampopi zikungokwawa, zina zitafa. Mng'oma wa kumapeto uja zitathawamo, munakhala pakhonde tsiku lonse osadya. Nde ndinaona pafoni wina akuzipatsa madzi a shuga."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanati ndikunena kuti munalakwa kudula maluwa."

Mai Mbande anatsegula pakamwa kuti akane, nkutsekanso. Chifukwa akanaterodi. Anayang'ana kumene kunali mpanda wa maluwa kuja. Panali shedi yawo yokongola, ndi dothi lofiira lopanda ngakhale duwa limodzi. Iwo ankawerenga mbande tsiku lililonse, koma sanadzifunsepo kuti njuchi zikudya chani. Anayang'ananso amuna awo, munthu wothawa ntchentche, ataima pakati pa ming'oma, njuchi imodzi ikuyenda paphewa.

"Musagwedezeke," anatero, nkuichotsa ndi chala mofatsa. "Tiyeni kunyumba musanafe."

Masana ake alamu anabwera okha pageti, atanyamula mpando wawo, ngati ndi mmene zimakhalira masiku onse. Anaweramira kukhutu kwa Mai Mbande.

"Nde mabotolo onse aja mutani nawo? Tizigulitsa chakuseri. Wofuna azidzera kwanga, ine ndizimupatsira pampanda. Anapanga ndi njuchi ndithu, si bodza. Akadziwa ndani?"

Mai Mbande anayamba kuganiza. Mabotolowo anali m'katoni pansi pa bedi, ambiri ndithu, owala bwino, ndipo pakamwa sungasiyanitse. Mtima wina unkati alamu akunena zoona. Ali mkati moganiza, panafika mayi wina wachitsikana, mwana kumsana akutsokomola kuti khoo khoo.

"Amayi, uchi uja ulipo? Akuti wanu ndi weniweni, ndikufuna wa chifuwa cha mwanayu."

Alamu anawatsina Mai Mbande pantchafu. Mai Mbande anayang'ana mwanayo, anayang'ana malo opanda kanthu patebulo pomwe pankakhala mabotolo.

"Palibe mwanangu. Wa chaka chino sunakhale bwino. Pitani naye kuchipatala ameneyu, uchi mudzaupeza maluwa akabwerera."

Mayiyo atapita alamu anapukusa mutu. "Koma inu ndinu ouma mutu."

"Ndinakwatiwa kwanu, ndinatengera."

Mwini shopu ya pakona anayika jamu wina pamalo paja pa shelefu. Anthu anayankhula, poti pakamwa pa anthu sipatsekedwa ndi chivindikiro, kenako anatopa nkupeza nkhani ina. Mtsikana wa ku ofesi atabweretsa chilolezo cha mbande, Mai Mbande anamufotokozera zonse, ndipo iye anayesetsa kukhala waulemu koma analephera, anaseka mpaka kutsamira geti. Anati kudyetsa njuchi nthawi ya njala si mlandu, cholakwika nkufula uchi wa nthawi imeneyo nkuugulitsa. Achotse zisa zakalezo, adikire maluwa, adzabweretse botolo latsopano.

Nde m'timachubu takuda tija munayamba kumera zachilendo. Pakati pa kabichi ndi tomato panali mzere wa mpendadzuwa ndi maluwa ena osagulitsa. Wogula akafunsa mtengo, Mai Mbande ankati amenewo ali ndi eni ake kale. APhee ankakumba maenje m'mbali mwa kangalande, kutsidya lino, neti ili pafupi.

Chitini cha shuga chinakhala pa shelefu chopanda kanthu, ndipo palibe anachidandaula. M'mawa uliwonse Mai Mbande ankatulutsa botolo limodzi la pansi pa bedi, nkuthira supuni mu kapu yawo, supuni mu kapu ya aPhee, ina mu kapu ya alamu amene tsopano ankangolowa osagogoda.

"Shuga wanga ameneyu," ankatero alamu akutakasa.

"Ndi wanga yemwe," ankayankha Mai Mbande. "Eya. Wabwerera, anangodzera njira yaitali."

"Mm," anatero aPhee.

Njuchi imodzi inalowa pawindo, inazungulira tebulo, nkutera pamphepete pa kapu ya aPhee. Bamboyo sanathawe. Anangosendeza kapuyo pang'ono, kuti mlendo akhale bwino.